Makapisozi a Pamsika ndi Ukwati wa Mwana wa Che Saidi

Anthu a ku Nkope sandiitananso kuti ndikayendetse mwambo wa ukwati, ndipo sindiwaimba mlandu. Ndinaziputa ndekha.

Ndine mphunzitsi wa sayansi (zimenezi ziwonjezera manyazi kutsogoloku). Kwathu ndi ku Ntcheu, kuno ndinabwerera ntchito. Eni nyumba imene ndimakhala, Che Saidi, ankakwatitsa mwana wawo wamkazi, ndipo anandipempha kuti ndiyendetse phwando la masana anthu akachoka kumzikiti. Akuti mawu anga amamveka mpaka kudoko. Ndinavomera asanamalize n'kupempha komwe.

Ukwati unali wa Lamlungu. Lachitatu ndinadzuka ndi chimfine: mamina chuchuchu, kukhosi kukanda, mawu ngati a chule.

Kuchipatala ndinapeza adokotala achitsikana. Anandiyeza kutentha kwa thupi, anamvetsera m'chifuwa, anasuzumira kukhosi.

"Ndi chimfine chabe, aphunzitsi. Mapapo ali bwino. Muzimwa madzi ambiri, mupume, panado uyu. Pakatha sabata chitha chokha. Mukayamba kubanika kapena thupi likatentha kwambiri, mubwerenso."

"Nanga makapisozi?"

"Makapisozi amapha mabakiteriya. Chimfine chimabwera ndi vairasi. Si inu mumaphunzitsa ana zimenezi?"

Ndimaphunzitsadi. Koma zimenezo ndi za pamayeso, pomwe apa panali ukwati.

Pamsika pali bambo wina wogulitsa mbedza, mabatire ndi ulusi wosokera maukonde. Pansi pa benchi amasunga chitini cha mabisiketi, ndipo m'chitinimo mulibe mabisiketi. Iyeyu sanandiyeze chilichonse, sanandifunsenso za ntchito yanga (ulemu umenewu unandisangalatsa).

"Ofiira ndi achikasuwa ndi a chifuwa," anatero. "Oyerawa ndi olimbikitsa anzawowo."

Ndinatenga mitundu yonse iwiri. Iye anati ndizimwa kawiri patsiku. Ine poona kuchepa kwa masiku, ndinkamwa kanayi.

Chimfine sichinasunthe. Munasuntha ndi m'mimba.

Lamlungu ndinavala suti, anandipatsa maikolofoni yopanda chingwe, ndipo ndinalowetsa akwati bwinobwino ndi mawu anga osasawo. Amalume a mkwatibwi ataimirira kuti apereke malangizo, m'mimba munalira ngati injini ya boti ikamakana kudzuka. Ndinaponya maikolofoni m'thumba la jekete, ndinayenda mwaulemu mpaka kuseri kwa mpanda, kuchokera pamenepo linali liwiro. Kabatani kozimitsira sindinakakumbuke.

Za m'chimbudzimo sindifotokoza. Ndingonena kuti Che Saidi anabwereka zokuzira mawu zabwino kwambiri. Poyamba anthu akuti ankayesa kuti zipangizo zaonongeka. Chinandigwiritsa ndi pakamwa panga.

"Makapisozi inu, ndinakulakwirani chiyani? Adokotala aja ananenatu!" Kenako ndinawonjezera kuti, "Amalumewa apitirize kubwebweta, andipatseko mpata."

Nditabwerera, bwalo lonse linali zii. Amalume anali chiimire, pepala lili m'manja. Amayi anaphimba kumaso ndi mipango, mapewa okha akugwedezeka. Che Saidi anandiyandikira, anasolola maikolofoni m'thumba mwanga ndi zala ziwiri, n'kuzimitsa.

"Pepani aphunzitsi, kapumeni. Tamva kuti simukupeza bwino."

Anamvadi.

Potuluka ndinakumana ndi adokotala aja pageti, atavala chitenje chofanana ndi cha amayi ena onse a paukwatipo.

"Munamwa ati?"

Ndinawaonetsa otsala. Sanaseke (bola akanaseka).

"Kutsegula m'mimbaku kutha, mumwe madzi a Thanzi obwezeretsa madzi m'thupi. Chimene chimandidetsa nkhawa n'china. Tizilombo timakhalamo kale m'thupi. Mukatilawitsa mankhwala popanda chifukwa, tofooka timafa, tolimba timatsala n'kuswana, mpaka timafika kwa akazi anu ndi ana. Sabata yatha tinatumiza msodzi wina kuchipatala chachikulu kuboma. Chibayo chenicheni. Mankhwala omwewa akungodutsa ngati madzi. Mkazi wake akuti bamboyo akangoyetsemula ankathamangira makapisozi."

"Achira?"

"Sitikudziwa. Akumuyesa ena."

Ndinafika kunyumba wapansi, nyimbo za ukwati zikundilondola kumbuyo. Mwambo unamalizidwa ndi mlamu wa Che Saidi, munthu wachibwibwi, ndipo anthu akuti anachita bwino.

Chimfine chinatha Lachitatu lotsatira, chokha, osandipempha maganizo. Msodzi uja ndinamva kuti anatuluka patatha mwezi, ataonda moti ukonde sangakokenso chaka chino. Amalume samandiyankhabe moni.

Makapisozi otsala ndinakapereka kuchipatala kuti akawataye moyenera, ndipo adokotala anandiyamika pamaso pa odwala onse. Ndinagwedeza mutu ngati munthu wosinthika. Anayi ndinawabisa m'nsapato yakale pansi pa bedi. Sindinawakhudze, koma mpaka lero akadali momwemo.