Ku Dar ndi Kubwerako Popanda Livesi

Ndani waseka? Ndiwe Mofati, ndakuona mano. Iwe woyendetsa kaminibasi kochoka pano pa Kafue kukafika ku Lusaka n'kubwerako tiyi wako asanazizire, ukuseka ine Laisoni Phiri, amene ndinapita ku Dar es Salaam ndi lole ya matayala makumi awiri ndi awiri, ngolo ili kumbuyo, n'kubwerako osagwirako giya ya livesi, yobwerera m'mbuyo ija, ngakhale kamodzi? Amene akuti ndi bodza aimirire ndimuone nkhope. Palibe? Ndiye siyani nsolo iyo, khalani bwino, mumve.

Inali nthawi imene mbendera yathu yatsopano inali isanasuluke, Kafue yense ali fumbi lokhalokha, uku akumanga fakitale ya nsalu, uku ya feteleza, uku nyumba za ku Estates zikumera ngati bowa, ine nditangofika kuchokera kwathu ku Katete ndi bulangete limodzi, ntchito yanga kusenza matumba a simenti pamutu mpaka kubala dazi mukulionali. Tsiku lina ndinaona Enelesi akugulitsa nsomba pa siteshoni ya sitima, mtima wanga n'kuchoka m'malo mwake, ndipo mpaka lero sunabwerere. Koma atate ake, ba Mweemba, msodzi wa kumtsinje uko, atamva mawu a ankhoswe anga analavula pansi n'kunena kuti mwana wawo sakwatiwa ndi bulu wa simenti, pamene kalaliki wa njanji, wa nsapato zonyezimira ndi mapeni atatu pachifuwa, watuma kale mawu kuti abale ake abwera Sabata lotsiriza la mwezi wotsatira. Ankhoswe anga, pofuna kundipulumutsa, ananama kuti ndine dalaivala.

"Chabwino," anatero ba Mweemba. "Abwere nayo lole yakeyo pakhomo panga pano, ndimuone ali pa chiwongolero Sabata limenelo lisanadutse. Apo ayi, aiwale."

Tsono Mulungu sagona. Njira ya kumwera inali itatsekedwa, katundu yense akudzera kumpoto, ndipo kampani ina kuseri kwa siteshoni inkalemba aliyense wa miyendo iwiri ndi maso otseguka. Ine kuyendetsa ndinakudziwira pa thirakitala ya pafamu ku Shimabala, ndipo m'munda, anyamata, munthu sabwerera m'mbuyo, ukafika kumapeto kwa mzere umangozungulira. Kapitawo wa kampaniyo anandiyang'ana kuyambira kudazi mpaka kuzala n'kuti, "Nanga iwe, uyendetsa?" Anandituma kuti ndikafike pa mlatho ndi kubwerako. Ndinapita, ndinazungulira bwalo la mpira lonse, n'kubwerera pageti mphuno ili kutsogolo, iye n'kundiponyera makiyi. Za livesi sanafunse, ndipo ine sindiyankha zimene munthu sanafunse.

Mavuto anayambira pa Kapiri. Ndinapitirira pampu ya mafuta ndi mapazi atatu okha, wothira mafuta uja n'kuyamba kukodola kuti bwezani pang'ono bwana, ine thukuta kamukamu, koma ndinatulutsa mutu pawindo n'kumuuza kuti dziko lino tsopano likupita patsogolo, lole yake singabwerere m'mbuyo, kenako ndinatsika, ndinakumbatira pampu ija ndi manja awa, n'kuizula pamodzi ndi thanki lake la pansi, n'kuidzala pamene ndinaima ine, ndipo mukadutsa pa Kapiri muone, ili pomwepo, yapendekeka pang'ono. Mukumva?

Kupitirira Mpika kunalibe msewu, kunali phala. Matope ake oti ntchentche ikatera imamira mpaka mapiko, ine ndikungopondaponda mafuta, mwadzidzidzi matayala anga anagunda chinthu cholimba, ndikati ndisuzumire, ndaponda denga la lole ina imene inamira kalekale, ndipo nditafukula ndi fosholo ndinapeza dalaivala wake ali mkati, wamoyo, ndevu zitazinga chiwongolero, n'kundifunsa mwaulemu ngati ndili ndi kafodya ndiponso ngati azungu akulamulabe. Ndinamuuza kuti tinalandira ufulu, munthu uja analira, tinagwirana chanza, ine n'kupitiriza ulendo chifukwa masiku anali kutha. Ndikulumbira pali manda a amayi anga ku Katete.

Koma njovu, anyamata! Titalowa Tanzania, pa phiri lina msewu unali wopapatiza, uku thanthwe, uku phompho loti ukaponya mwala Lolemba umamveka Lachinayi, ndipo pakona penipeni ndinakumana ndi njovu yamphongo, minyanga yake kutalika kuchokera pano mpaka pa golosale apo. Malo opatukirana panalibe. Mmodzi wa ife anayenera kubwerera m'mbuyo, ndipo ine mukudziwa kale vuto langa. Tinayang'anizana masiku atatu, iyo osaphethira, ine osaphethira, mpaka tsiku lachitatu ndinaona kuti mwendo wake ukunjenjemera, ndiye ndinatsika, ndinapita kumbuyo kwake n'kuyamba kuikodola, bwera, bwera, pinda kumanzere, wongola, bwerabe, njovu ija n'kubwerera chambuyo mtunda wochokera pano mpaka ku Shimabala, ndipo kuyambira pamenepo njovu za kumeneko zikamva hutala ya lole ya ku Kafue zimayamba zokha kuyenda chambuyo. Iwe wa kapusi, tseka pakamwa, ntchentche zikulowa.

Ku doko la ku Dar ndiye anafuna kundimaliza. Lamulo lake lole iliyonse imabwerera chambuyo mpaka m'mbali mwa sitima ya pamadzi kuti aikweze katundu. Ine ndinangoika giya yoyamba, ndinakwera pa thabwa lotsikira anthu, lole yonse ndi ngolo yake phaa pamwamba pa sitima, oyendetsa sitimayo n'kutuluka akukuwa m'chilankhulo chawo, ine n'kuwauza kuti madzi ndi awo, malo ozungulira ali nawo ambiri, atembenuze sitima. Anaitembenuza, ndikukuuzani, ndipo ndinatsika mphuno ili kutsogolo, nditasenza chumuni cha fakitale ya nsalu, chimpope chachitali choti pamene ndinkaliza hutala pano pa Kafue, kansanza kofiira komanga kumapeto kwake kanali kakudutsabe mu Lusaka.

Ndinafika Sabata lomwelo, dzuwa lili pamutu. Nthawi yopita kukatsitsa katundu panalibe, ndinangokhotera kumtsinje. Njira ya kwa ba Mweemba inali kakhwalala ka pakati pa mipanda ya bango, maukonde atayanikidwa uku ndi uku, nyumba yawo kumapeto kwenikweni, kuseri kwake madzi a Kafue. Abale a kalaliki anali atakhala kale pamphasa, mbale yawo yovundikira ya ndalama zofunsira mbeta ili pakati. Ndinaliza hutala, nkhuku zonse za m'mudzimo n'kuikira mazira nthawi imodzi, ndi atambala omwe. Ndinatsika, ndinagwada, ndinaomba m'manja. Ba Mweemba anaizungulira lole ija, anagogoda tayala ndi ndodo, n'kugwedeza mutu.

"Ndaona," anatero. "Manje ichotse, watseka njira ya ng'ombe zokamwa madzi."

Mukumva? Kutsogolo mtsinje, kumanja mpanda, kumanzere mpanda. Apa ndiye ndinatsikira pagombe, ndinaika zala ziwiri mkamwa n'kuliza mluzu, mvuu khumi ndi ziwiri n'kuvuuka, zinalowa pansi pa lole, zinaisenza pamsana, n'kuyamba ku...

Ndani uyo akutuluka mu maliketi ndi beseni? Amake Dalitso? Eee. Wandiona? Wandiona. Chabwino, mvuu zija zichotseni. Panalibe mvuu.

Ndinakwera, ndinaifunafuna giya ija mpaka ndinaipeza, koyamba m'moyo wanga. Ndikapinda uku, ngolo ikupita uko. Ndikawongola, ikupindika ngati mpeni wa m'thumba. Ndinagwetsa khola la mbuzi, ndinang'amba maukonde awiri, chumuni n'kukokolola denga la chimbudzi muli mkulu wina wa mpingo. Abale a kalaliki anaseka mpaka kugubuduka pamphasa. Ine ndinazimitsa injini n'kugoneka mutu pa chiwongolero, ndipo sindibisa, ndinalira. Ndinawoloka matope ndi mapiri onse aja kuti ndidzataye Enelesi pakhomo pawo, iye akuona.

Kenako chitseko chinatseguka. Anali Enelesi, chitenje atamanga m'chiuno, manja akununkha nsomba.

"Sunthani, ba Laisoni," ananong'ona. "Imwe pondani vopondaponda vanuvo, chiwongolero mundisiyire. Ngolo ili ngati bwato. Ukafuna mutu upite uku, nkhafi umakankhira uko."

Munthu anakulira kumchira kwa bwato la atate ake, ine osadziwa. Ndinaliza injini, ine miyendo, iye manja, lole ija n'kutsetsereka chambuyo mwakachetechete kuchokera pagombe mpaka pa tala, osakhudza ngakhale bango limodzi, mudzi wonse ukutsatira pambuyo pakamwa pali yasa. Titabwerera wapansi, ba Mweemba anatola mbale ija n'kuibweza kwa eni ake, kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Kwatiwa naye, mwana wanga," anatero. "Uyu ukamusiya yekha atigwetsera fakitale yonse mumtsinje."

Zaka makumi atatu ndinayendetsa, anyamata, ndipo ulendo uliwonse ndikamalowa pageti la kampani, kapitawo ankatuma munthu ku maliketi kuti akaitane amake Dalitso, Enelesi yemweyo, adzandibwezere lole m'mbuyo. Sekani, sekani, mano ndi anu. Koma pampu ija ndi yoona, munthu wa m'matope uja ndi woona, njovu ija ndi yoona, ndipo kunena za kutsogolo, kuyambira pa mlatho wa Kafue mpaka kunyanja yamchere, sanabadwe dalaivala wondipitirira ine.

Ndikubwera, amake Dalitso, ndikubwera! Iwe Mofati, m'malo moonetsa mano, tanditembenuzira wilibala ya nsombayi. Ndaiimika moyang'ana khoma.