Pasiwedi ya Seva ya ba Tembo

Mpaka lero munthu akandifunsa pasiwedi pafoni, thukuta limayamba m'khwapa.

Kampani yaboma imene ndinkagwirako itagulitsidwa, ndinaphunzira zamakompyuta n'kulembedwa ntchito ndi ba Tembo, mwini nyumba yosungiramo katundu ku Heavy Industrial Area. Anali munthu wamtima wabwino, koma pakamwa! Moni wokha unkatha theka la ola.

Tsiku lina anagula seva, chikompyuta chimodzi choti m'mimba mwake muzikhala makompyuta atatu osaoneka: ya malisiti a katundu, ya makalata ndi yosunga mafayilo. Ndinawauza kuti ntchitoyi ndimaidziwa bwino (ndinali nditangoiwerenga m'kabuku, m'minibasi yochokera kwathu ku Kalingalinga).

Ndinaika pulogalamu yoyendetsa seva, ndinagawa disiki patatu, ndinaipatsa nambala yake panetiweki. Nthawi yonseyi ba Tembo ali pamsana panga.

"Manje vitatu vizankala bwanji mu chimozi? Sivizamenyana? Mulamu wanga anayesa kusunga bakazi batatu mu nyumba imozi, lekani nikuuzeni vamene vinachitika."

Anandiuzadi, mpaka masana. Seva itapempha kuti ndiike pasiwedi, iwo anali atatuluka kukayankha foni, ndipo ndinalemba zimene zinali mumtima. Pothamangira kumaliza asanabwerere, ndinadumpha kabokosi kochonga kuti makompyuta atatuwo azidzuka okha magetsi akazima n'kuyakanso.

Patatha milungu iwiri ndinagona ndi malungo. Tsiku lomwelo magetsi anazima n'kuyakanso kuntchito. Seva inadzuka, koma atatu am'mimba aja anapitiriza tulo, ndipo powadzutsa pankafunika pasiwedi imene ndinkaidziwa ndekha. Foni inalira.

"Ba injiniya, matilaki yali pageti, malisiti siyachoka," anatero ba Tembo. "Tipaseni pasiwedi. Ba Mwansa bali pa kompyuta, bonse tikumvelani."

Ba Mwansa anali mlembi wathu, mayi wowerenga mokweza chilichonse chimene akulemba.

"Bwana, nibwela manje manje." Ndinayesa kuimirira, ndinagweranso pabedi.

"Gonani imwe! Kambani chabe."

Ndinaganiza zotchula chilembo chimodzichimodzi kuti mwina sazindikira (malungo amachepetsa nzeru). B, A, T, E, M, B, O.

"Zina yanga iyo!" anafuula ba Tembo. "Mwaona ulemu wa uyu muntu?"

Ndinapitiriza. Nditafika pachilembo chomaliza, ba Mwansa anawerenga bwinobwino ngati ali paguwa: "Batembo... bakamba... maningi."

Ndiko kuti abwana ndi olongolola. Chapatali pafonipo wina anatsokomola chifuwa chabodza.

Seva inatseguka, ndinauza ba Mwansa podina kuti makompyuta atatu aja adzuke, malole ananyamuka. Lolemba ndinapita kuntchito nditakonzeka kuchotsedwa. Ba Tembo anangoti, "Mwachila?" n'kulowa muofesi. Sabata yonse sanalankhule ndi aliyense. Onyamula katundu ankandigwira chanza pondithokoza, koma ine zinkandiwawa, chifukwa munthuyo anandilemba ntchito pamene ena onse ankandibweza pakhomo.

Lachisanu ndinagogoda n'kupepesa. Anandikokera mpando.

"Nkalani pansi. Nifuna nikumasulileni bwino kuti ine sinikamba maningi."

Anandimasuliradi kwa maola awiri, ndipo ndinamvetsera mawu alionse mosangalala. Kabokosi kaja ndinakachonga tsiku lomwelo. Pasiwedi anakana kuti ndisinthe, akuti imeneyo ndi yokhayo imene ofesi yonse singaiwale.