Mayunifolomu a kampani ya a Mbewe

Lolemba
Kalata yafika. Kampani yoyeretsa maofesi ya a Mbewe, mkulu wa mpingo wathu, yagwa. Munthu amene wapatsidwa ntchito yoitseka akuti aliyense amene kampaniyo sinamulipire alembetse. Ine ndinawasokera mayunifolomu makumi atatu, mapaundi 900, mpaka lero zii. Ndikuvina m'khitchini. Zogula: makina atsopano osokera, jekete, tikiti ya ku Lilongwe.

Lachiwiri
Ndikuimbira mayi Nyirenda a ku Maryhill, akauntanti. Akuti kuno ku Scotland ngongole imafa pakatha zaka zisanu, pokhapokha woyenera kulipirayo ataivomera polemba zakazo zisanathe. Yanga ili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Tikiti ndayamba ndaifufuta.

Lachitatu
Ndikufukula foni yakale. Zomwe a Mbewe anandilembera:
"Mayi, Mulungu akuona."
"Tikambirana tikaweruka."
Kachithunzi ka chala chachikulu, kasanu ndi kawiri.
Mayi Nyirenda akuti chala si kuvomera ngongole.

Lachinayi
Basi ya ku Springburn, mvula ya chammbali. A Mbewe akundilandira ndi tiyi ndi masikono. Akuti, "Kalata yovomera ngongole ndilemba pompano, deti tiike ya zaka zitatu zapitazo." Ndikuwakumbutsa kuti Lamulungu akulalikira ndi iwo. Akubweza cholembera m'thumba. Masikono ndadya atatu.

Lachisanu
Kalata ina ya wotseka kampani. Wapeza umboni wolembedwa! Koma ndi wa ngongole imene ine sindinalipire. Kampaniyo inanditsukirapo makapeti, mapaundi 140, ndipo Khirisimasi iliyonse ndimatumiza imelo yamafuno abwino, pansi pake nkuwonjezera kuti, "Ya makapeti ija sindinaiwale, ndilipira." Ndimati mwina achita manyazi akumbukire ya mayunifolomu.

Loweruka
Ndikufunsa mayi Nyirenda ngati 140 ingachotsedwe pa 900. Akuseka mpaka kutsamwa. "Yanuyo inafa kale, mayi. Yawoyo mwakhala mukuidyetsa nokha chaka ndi chaka." Ndalipira. Amuna anga akutsuka mbale, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Lamulungu
A Mbewe alalikira bwino, zoona zake. Tikutuluka akundikokera pambali: kwaya ya amayi ikufuna madiresi khumi ndi awiri, ndipo wosoka ngati ine kulibe Glasgow yonse. Amayi onse akundiyang'ana akumwetulira. Ndavomera. M'basi amuna anga akufunsa ngati tagwirizana mtengo. Sitinafikeko. Mawa ndikukagula nsalu.