Thumba Lokuwa pa Msika wa Kamwendo

Mapulani anapsera pa shebini ina ku Kamwendo, chibuku chachitatu chili m'manja. Mwini nzeru anali Vitus, amene anzake ankamutcha Injiniya chifukwa anakonzapo tochi kamodzi.

"M'shopu yotayipa makalata ya Filomena muli malaputopu atatu," anauza mnzake Aleck, wakabaza wodziwika kuti Mphezi. "Iliyonse imaonetsa nambala pakona. Awiri atsopano amangoti 50, koma yakale ija imafika 88. Ndiye yamphamvu imeneyo, aise. Tikaiba n'kukaigulitsa ku Chipata, akatilandira ndi manja awiri."

Esnart, mkazi wa Vitus, anali atamuchenjeza kuti akadzamangidwanso, iye abwerera kwawo ku Mkanda ndi ana omwe. Vitus ankamukonda kwambiri mkaziyo, n'chifukwa chake analumbira kuti ulendo uno sagwidwa.

Zimene Injiniya wathu sankadziwa n'zoti nambalayo inali ya kutentha kwa purosesa, ubongo wa makinawo. Laputopuyo inali nkhalamba yongotentha thupi, moti Filomena ankaikhazika pa njerwa ziwiri n'kuilozetsa fani. Anaikamonso pulogalamu yoti nambala ikafika 95, iziliza mawu amene anadzijambula yekha.

Tsiku la msika, Filomena atatuluka kukagula mandasi, Vitus analowa. Anaipinda laputopu yakale ija ili chiyakire, n'kuikulunga m'bulangete kuti isakandike, n'kuikwirira m'thumba la mtedza. Dzuwa la Okutobala linamaliza ntchito yotsalayo.

Njinga ya Mphezi, itanyamula Vitus ndi thumbalo, itangofika pakati pa msika, thumba linakuwa ndi mawu a mzimayi: "Mayo ine, ndikupsa! Ndipatseni mphepo!"

Mphezi anagwa ndi njinga yomwe.

"Aba munthu!" anakuwa mayi wogulitsa tomato. "M'thumbamo muli mzimayi!"

Msika wonse unakhamukira pamenepo, ena ndi miyala, ena ndi mizimbe. "Ndikupsa!" linabwereza thumba. Vitus anaona imfa ndi maso. Wapolisi atatulukira, anamuthamangira n'kumugwira miyendo.

"Bwana, timangeni chonde! Ife ndi mbava chabe, anthu sitiba!"

Filomena anafika mandasi ali m'manja, anamasula thumba n'kutsegula laputopu. "99," anawerenga. "Mukanatenga atsopano aja, bwenzi pano muli pa boda."

Unyolo uli m'manja, Vitus anadzutsa mutu n'kuona Esnart m'gulumo, dengu lili pamutu. Mkaziyo anangokodola wakabaza wina.

"Achimwene, njinga ziwiri. Ku Mkanda."