Sabata Imene Thanki Inakana Kukwiriridwa

Lolemba

Sabata yomaliza pa ntchito ino. Ndikulemba mawu oti "yomaliza" kuti Mulungu awaone.

Pulani ndi iyi: mathanki awiri, ya dizilo ndi ya petulo, alowe m'dzenje, tiwamange, tikwirire, Lachisanu m'mawa ine ndikwere basi ya ku Ntcheu. Loweruka ndi chinkhoswe cha mwana wanga Tadala. Tsiku limene ankabadwa ndinali m'dzenje ku Karonga. Pa ubatizo wake ndinali m'dzenje lina ku Mwanza. Ulendo uno ndalumbira pamaso pa amayi ake kuti ndidzakhalapo.

Dzenje lilipo kale, m'mbali mwa msewu wa ku boda, wopita kumalire ndi Zambia, chakufupi ndi njira yokhotera ku Guilleme. Konkire yapansi yauma. Odutsa akuima n'kumasuzumira. Mayi wina wosenza nkhuni: "Kodi mukuika ndani umu?"

Zimene zilipo:
mchenga
aganyu a m'mudzi wa kuseri kuno
dzuwa loti lingapsereze munthu
msana wanga, pang'ono

Zimene palibe: malamba achitsulo omangira mathanki ku konkire. Thanki yopanda kanthu ili ngati chigubu, dzenje likadzaza madzi imayandama. Ainjiniya athu ku Lilongwe akuti malamba ali m'njira.

Eni malo, a Mbewe, analemera ndi soya ndi mtedza. Mayunifomu a othira mafuta anasoketsa kale. Funso lawo ndi limodzi: "Akapitawo, titsegula liti?"

Ndatopa, ndipo lero ndi Lolemba.

Lachiwiri

Kireni yonyamulira mathanki yachokera ku Chipata. Yafika masana m'malo mwa m'mawa. Dalaivala, asanatsike n'komwe: "Boss, fulumirani, nifunika nibwerere." Ngati wachedwa ndine!

Komabe mathanki alowa. Onse awiri agona bwinobwino, mutu kumpoto. Ndawayang'ana mpaka ndamwetulira ndekha.

Malamba sanafike. Ainjiniya pafoni: "Thirani madzi m'mathankimo kuti alemere. Malamba Lachinayi." Chabwino, timatero nthawi zonse. Galimoto ya madzi yadzaza ya dizilo. Ya petulo yafika theka, kenako tayala laphulika. Akuti abwera mawa.

Theka likwanira kuigwira pansi. Bola munthu asaikhudze.

Mitambo yayamba kuunjikana cha ku Zambia. Sindikuiyang'ana.

Kuchipinda chimene ndikugona nsikidzi zandizolowera.

Lachitatu

Pamsewu ayala nthambi zamasamba. Maliro! Agogo ena a m'mudzi wa kuseri kuno atisiya. Aganyu anga onse ndi adzukulu awo, kapena akuti ndi adzukulu awo. Pantchito tatsala awiri, ine ndi a Jere, alonda athu, amene zonse amayankha ndi mawu awiri: "Maliro n'kulirana."

Galimoto ya madzi sinabwere.

Chakumasana azimayi atatu ochokera kusiwa, ndowa m'manja. Agwada pamchenga wotentha. Mjigo wa m'mudzi unathyoka mwezi watha, zitsime zauma, anthu abwera ambiri ndipo kulibe chotsukira ngakhale mbale. Amva kuti ine ndili ndi madzi.

Ndawafotokozera zonse. Kulemera kwa thanki, chigubu, mitambo. Ndajambula ndi pansi pomwe ndi kamtengo. Amvetsera mwaulemu, ali chigwadire. Wamkulu mwa iwo: "Ndiye tikawauze anamfedwa kuti madzi alipo koma ndi a chitsulo?"

Ndani anganene kuti inde? Inenso ndili ndi amayi anga okalamba kumudzi. Ndatsegula chivundikiro cha thanki ya petulo, poti ndiyo ili chakunjira. Ndi yatsopano, mafuta sanalowemo, komabe ndawauza kuti si akumwa. Ndowa zitatu n'chiyani pa chithanki chonsecho?

Amayi a Tadala pafoni: "Musadzandichititse manyazi pamaso pa akuchimuna." Ndawauza kuti zonse zikuyenda.

Lachinayi

Ndikufika m'mawa, mzere wafika kumsewu. Wina wamangirira kale chingwe pa ndowa. Thanki yanga yasanduka chitsime, ndipo a Jere ndi amene akukonza mzerewo!

Obwera kudzatunga lero:
azimayi a kusiwa (awa ndikuwadziwa)
a ngolo ya ng'ombe, migolo inayi
wa kabaza wofuna kutsuka njinga, akuti ndiyo ikunyamula olira
woumba njerwa, akuti malemuwo anali azakhali ake
thirakitala ya ku esiteti ya fodya, ili ndi pampu yake

Onse akuti ndi a kumaliro. Thirakitala ija yapopa, yadzaza, yakhotera kunazale ya fodya ine ndikuona ndi maso anga. Yabweranso kachiwiri. Dalaivala wandigwira chanza ndi manja awiri ngati namfedwa ndine.

Ndafuna kutseka. A Jere andikokera pambali: "Akapitawo, aganyu anu aja ndi ana a azimayi omwewa. Mukatseka lero, fosholo mudzaigwira nokha mpaka Khirisimasi." Ndasiya.

Kuika maliro kwasunthidwa, akudikira abale ochokera ku Zambia. Ndiye kuti lero palibenso wokwirira.

Malamba? Ainjiniya akuti lole yowanyamula ili pamzere wa mafuta ku Lilongwe. Ife tikumanga malo omwetsera mafuta, mafuta otibweretsera zomangira palibe. Ndaseka mpaka a Jere andifunsa ngati ndili bwino.

A Mbewe: "Titsegula liti?"

Lachisanu

Chikwama ndalongedza. Jekete ndasita. Basi ya m'mawa yapita popanda ine, koma ya masana ilipo.

Ndagogoda thanki ya petulo ndi mwala. Yandiyankha ngati ng'oma. Mulibe kanthu! Ndaimbira wa galimoto ya madzi: tayala wakonza, koma nayenso ali kumaliro.

Basi, ndapita komweko, kuti akangotha kuika ndigwire aganyu anga pamkono. Kumanda wolengeza akuthokoza onse amene athandiza, mipingo, mabanja, kenako: "Mwapadera tithokoze abambo a mathanki, amene atimwetsa madzi ngati mwana wa pamudzi pano." Anthu onse atembenuka kundiyang'ana. Agogo ena andipatsa mpando. Ine maso ali kumwamba.

Dothi lomaliza likugwa pamanda, dontho loyamba likugwa pamphuno panga. Mvula yoyamba ya chaka! Anthu akunong'onezana kuti malemuwo apita bwino, atisiyira madalitso. Ine ndathamanga ngati mbava.

Madzi onse a pamsewu wa tala akudziwa njira imodzi yokha, ya m'dzenje langa. Ndagwira fosholo kukumba ngalande, a Jere akundifunditsa thumba la feteleza kumutu. Basi ya masana yaima pomwepo, kondakitala akukuwa: "Tiyeni madala, malo alipo!" Ndamuyang'ana, ndayang'ana dzenje. Yapita.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Mpaka madzulo ikugwabe.

Mwina ndikwera basi ya mawa m'mawa kwambiri. Ndikafika chinkhoswe chili mkati, koma ndikafika.

Loweruka

Yadzuka.

Thanki ya petulo yatuluka m'dzenje, ili kuyandama chopendekeka, mphuno m'mwamba ngati mvuu. Ya dizilo ili phee pansi pa madzi, mwana womvera. Ndaima pamenepo chikwama kumanja, jekete paphewa. Malole a ku boda akuchepetsa liwiro kuti aone bwino.

A Mbewe: "Akapitawo, ine ndinagula thanki ya pansi pa nthaka."

Ainjiniya: "Musasunthe pamenepo, bambo. Ikagubuduka n'kuboola inzakeyo, kampani yonse tikagona kupolisi."

Wa kireni: "Lachiwiri, boss. Mwina."

Aganyu: onse ali kumunda, akubzala chimanga. Ndani angawadzudzule?

Azimayi aja adutsa ndi makasu. Madzi sakuwafunanso, migolo yadzaza ndi mvula. Wamkulu uja waima, wagwira pakamwa: "Pepanitu bambo. Kodi chimasambira?"

Masana lole yafika. Malamba! Atsopano, onyezimira. Ndasainira, ndawakhalira.

Nthawi ngati ino ku Ntcheu akuchimuna afika, nthungululu zikumveka mpaka kumsika. Ine ndikupopa matope ndi pampu imene ndabwereka ku esiteti ija. Andibwereka mosavuta, akuti ndine munthu wabwino. Kuchokera ku Ntcheuko foni ili zii tsiku lonse. Kukalipa kwa amayi a Tadala ndikanakupirira, koma chete ameneyu akundiwawa.

Lamulungu

Sindinapite kutchalitchi. Msana wakana, mtima nawonso. Ndakhala pa mulu wa mchenga kulondera thanki, imene tsopano yatsamira khoma la dzenje ngati woledzera.

Zithunzi zafika pafoni. Tadala wakongola kwabasi. Banja lonse lavala nsalu yofanana. Pampando wa bambo a mwana pakhala alamu anga, malaya amene anayenera kukhala anga awakwana bwinobwino, pomwe iwo ndi onenepa kawiri kuposa ine.

Kenako Tadala wayimba yekha foni. Ndinakonza mawu ambiri, za mvula, za maliro, za malamba. Sanandilole kuyamba.

"Ababa, musadandaule, zonse zayenda bwino. Malaya anu aja ndinawasoketsa pa saizi ya amalume kuyambira pachiyambi. Ndinkadziwa."

Sanakwiye ngakhale pang'ono. Wandifunsa ngati ndadya.

Ndamuuza kuti ndadya.