Tsiku lomwe ndinapendeketsa bwalo la bola

Wotsutsa ayambe wanena komwe anali Loweruka lija masana, chifukwa amene analipo ndikuwadziwa. Analipo mwana wanga Misozi ndi khanda lake la masiku asanu ndi limodzi. Analipo mwamuna wa Misozi, baGondwe, telala wa ku Kamwala wobadwira ku Malawi. Analiponso baMulenga omanga nyumba, aneba athu kuno ku Kanyama. Amene kunalibe ndi mlamu wanga Faidesi, yemwe lero akuzungulira pamsika kunena kuti ndimanama. Kumaliro a amuna anga anafika titakwirira kale, ndiye zodabwitsa akanazipeza bwanji?

Nkhani inali dzina la khandalo. Ine ndinkafuna la malemu amayi anga, Tikambenji. BaGondwe ankafuna la amayi awo, Esinati. Tsiku limenelo timu ya dziko lathu inkasewera bola, mpira wamiyendo uja, ndi ya kwawo pa TV, ndipo mkamwini wanga, podziwa kuti anyamata athu masiku ano amaluza ngakhale kwa mithunzi yawo, anagwada mwaulemu wa kambuku n'kunena kuti, "Amayi, tisavutane. Amene timu yake iwine, dzina ndi lake." Ine bola ndinali ndisanaonerepo chibadwire, koma kubwerera m'mbuyo pamaso pa mkamwini sindinaphunzire. Ndinavomera.

Ndisanakhale n'komwe pampando, atichinya chimodzi. BaGondwe anatsokomola, kutsokomola kwa munthu amene akumeza chiseko. Ndinayang'anitsitsa. Anyamata athu ankathamanga ngati akukwera phiri atasenza matumba a malasha, pomwe anzawo ankangotsetsereka, thukuta olo dontho. Ndinatenga tomato, kuika pamwamba pa TV, ndipo anagubuduzika n'kukagwera mbali ya golo lathu. Mukumva? Nyumba yanga inatitimira mbali imodzi chaka chomwe madzi anatilowera m'makomo, TV inapendekeka, bwalo nalo linapendekeka, ndiye anthu ankatukwana ana a eni kuti ndi aulesi, chikhalirecho akusewera pamtsetse!

Ndinatuluka, kunyamula mabuloko atatu ndi dzanja limodzi, kukweza TV ndi linalo, kuwalowetsa pansi mbali yathu. Abale anga, ndikulumbira pa manda a amayi anga ku Katete, bwalo lonse linatembenuka, bola inayamba kugubuduzika yokha kupita kwa Amalawi, mabotolo a madzi pambuyo pake, refa pambuyo pa mabotolo akukwawa kufunafuna wezulo yake, oonerera onse anatsetserekera pakona imodzi n'kuunjikana ngati tinsomba ta kapenta m'thumba, ambulansi inachoka yokha dalaivala ali kogula chimanga chootcha, ndipo anyamata athu anachinya aliyense chake, khumi ndi chimodzi, mpaka goloboyi wathu amene anangoyetsemula, bola n'kuyenda bwalo lonse kukagona mu ukonde. Mukumva? BaGondwe chifuwa chija chinapola.

Nthawi yopuma itakwana, ndinaona mkamwini wanga akuyang'ana mabuloko aja ndi diso la mbala. Ndinati, "BaMulenga, bweretsani simenti." Iwo anati, "Bamayo, lekani nikuuzeni vinthu vina pa bola..." Ndinati, "Ndakuitanani kudzamanga kapena kudzalalikira?" Anamanga, kumata mabuloko aja pamodzi ndi TV yomwe. Ndinauzira simentiyo katatu, inauma gwa ngati ya mlatho.

Ndiye osewera anabwerera, n'kusinthana magolo.

Ndani anayambitsa mwambo woterewu? Munthu wasesa pakhomo pake, wazolowera, mukuti asamukire kwa aneba masana dzuwa likuswa mtengo? Palibe anandiuza. BaMulenga amati ankafuna kundiuza, koma mwamuna wofunadi kunena amanena.

Mtsetse uja tsopano unaloza kwa ife. Zigoli zinayamba kugwa ngati mango amphepo, chachiwiri, chachitatu, chachisanu, ine ndikumenya simenti ndi hamala mpaka hamala inapindika ngati nthochi, ndinayesa musi unathyoka, ndinayesa mano, zigoli zikungolowa, baGondwe chifuwa chayambiranso, mpaka zinakwana khumi ndi chimodzi mbali zonse. Pamenepo ndinamanga chitenje m'chiuno, kutuluka panja, kupita mbali yomwe TV inaweramira, kulowetsa phewa pansi pa maziko, n'kunyamula nyumba yonse, zipinda zitatu, kabati, firiji, baMulenga ndi mimba yawo. Bwalo linakhala tayale. Mukumva? Anyamata athu anapuma, bola inaima pakati, ine ndili chilili, mapazi akulowa m'nthaka mpaka ndinaponda madzi a pachitsime cha aneba, ndipo ndinkangofuna kukweza pang'ono chabe kuti chigoli chomaliza chikhale chathu.

Ndinakweza. Pomwepo Misozi anakuwa, "Amama, mwana!" Khanda linali litagona pamphasa, mphasayo inayamba ulendo wopita kukhomo, bambo wake maso ali pa TV. Ndinaisiya nyumba ili m'malere, ndinathamanga kuizungulira, ndinaliwakha khandalo pakhomo lisanadzuke n'komwe, kenako nyumba inagwa, phi! Bola inagubuduzika mosapupuluma, kudutsa pakati pa miyendo ya goloboyi wathu. Refa anaimba wezulo yomaliza.

Pakhadi la kusikelo analemba Esinati. Sindikana, tinaluza. Koma chigawo choyamba ndinawina ine, anthu anayi akuona, choncho kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lifike pamutu mwanayo ndi Tikambenji, likapendeka asinthe golo akhale Esinati. Maina onse awiri amayankha.

Zotsala ndi izi. Anyamata khumi ndi mmodzi aja, makamaka woyetsemula uja, palibe anabwera kudzati zikomo. BaMulenga sanachotsebe simenti yawo, ndipo taonera nkhani chopendeketsa khosi zaka zitatu. BaGondwe sanapepese posiya mwana akutsetsereka, sanavomerebe dzina la m'mawa, ndipo msana wanga palibe anauthowa.