Mapepala a Rafayelo ndi matemba anga

Tchimo ili ndinalapa kale kwa abambo mfumu, koma kwa anthu sindinaliululepo bwinobwino. Lero ndilinena, poti mwini nkhani anapuma kale pantchito ndipo sangandichitenso kanthu. Ine ndi amene ndinachedwetsa mng'ono wanga kukwezedwa pantchito ndi chaka chathunthu, ndipo chida chimene ndinagwiritsa ntchito chinali matemba.

Mng'ono wangayo, Rafayelo, ndiye anakokolola nzeru zonse za m'banja mwathu. Ine ndinalekera Sitandade 5 n'kuyamba kugulitsa matemba ouma padoko la Kachulu. Iye anapitirira mpaka kukhala dokotala wa mulabotale ku Blantyre, wofufuza kachilombo koyambitsa chikuku. Osati dokotala wobaya jakisoni ayi, koma woyang'ana magazi a ana m'timabotolo n'kumalemba zimene waona. (Mayi athu anamwalira asanamvetse kuti munthu angalandire bwanji malipiro chifukwa chosuzumira chinthu chosaoneka.)

Tsiku lina, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anatsika palole ya matola atasenza katoni. Ankapita kunja kukaphunzira miyezi isanu ndi umodzi, ndipo nyumba ya lendi anali ataibweza.

"Achimwene, katoni iyi muisunge ngati khanda," anatero. "Muli nkhani zanga zitatu zimene zinasindikizidwa m'magazini a madokotala kunja. Ndikabwerako pali mpando wa mkulu wa labotale. Oyesa anthu amafuna kuona nkhani iliyonse yamphumphu, ndi maso awo, poti magaziniwo kuno safika. Ife pantchito yathu amatiyeza ndi zimenezi: walemba zingati, ndipo akuziwerenga ndi angati."

"Iwe pita, usade nkhawa," ndinayankha ndikudziguguda pachifuwa. "Ngakhale mphemvu siilowa."

Tsono mumvetse, masiku amenewo vuto la ife ogulitsa nsomba silinali nsomba, koma chokulungira. Majumbo apulasitiki anali asanafale. Nyuzipepala zakale zinkapezeka, koma pafupifupi tsamba lililonse linali ndi nkhope ya mtsogoleri wa dziko. Ukulunge matemba pankhope imeneyo, anyamata a chipani akuone, basi wapita. Mnzanga Che Amidu anakhala masiku atatu akufotokoza chifukwa chimene mutu wa mlamba unagonera pa tayi ya mtsogoleri. Ndiye tsamba lililonse tinkaliunika kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo pa nyuzipepala yonse unkapulumutsa mwina tsamba la mpira lokha.

M'mawa wina ndinadzuka ndilibe ngakhale kachidutswa. Ndinatsitsa katoni ija kudenga kumene ndinaisunga, ati kukaona ngati chiswe chalowa. (Ndi mmene ndinadziuzira ndekha.) Nditatsegula, abale inu! Mapepala oyera mbee, osalala, okhuthala, omangidwa ndi tiwaya masamba asanu ndi limodzi limodzi. Ndinatenga mpukutu woyamba ndi wachiwiri n'kuyerekeza mzere ndi mzere. Chingerezi sindichidziwa kwenikweni, koma kufanana ndimakudziwa. Inali nkhani yomweyomweyo. Wachitatu, yomweyo. Nkhani iliyonse inabwerezedwa kokwana makumi asanu!

Ndinamumvera chisoni mwanayo. Ndinati azungu osindikizawo anaiwala kuzimitsa makina, ndipo iye chifukwa cha ulemu sanawauze. Kalata imodzi munthu angaiwerenge kangati? Ndinapatula mpukutu umodzi wa nkhani iliyonse n'kuika musutikesi, pansi pa jekete la ukwati. Kenako ndinaunika otsalawo tsamba ndi tsamba. Munalibe nkhope ya munthu aliyense. Munali manambala, timizere tokwera ndi kutsika, ndi chithunzi chimodzi cha chinthu chozungulira chokhala ngati chitumbuwa chopserera.

Sindinaonepo pepala lokulunga matemba ngati limenelo. Silinkang'ambika, mafuta sankadutsa, ndipo munthu ankafika ku Zomba nsomba zake zili bwinobwino. Azimayi anayamba kudumpha anzanga n'kumabwera kwa ine. Che Amidu ndinawagawirako mulu ndithu, poti anali atavutika kale mokwanira.

Patatha milungu itatu, a tcheyamani a chipani a m'dera lathu anaima kutsogolo kwa mphasa yanga atagwira tsamba la chithunzi lija.

"Awa ndi mapu a kuti?" anafunsa. "Ndipo mapepala ochokera kunja akuchita chiyani m'dera langa?"

Ndinaimirira msangamsanga. "Si mapu, bwana tcheyamani. Chimenecho ndi chikuku."

"Chikuku chomwe chikutha anachi?"

"Chomwecho, bwana. Mng'ono wanga, dokotala uja, anachigwira n'kuchitsekera papepala."

Kamwa yanga iyi! Ndinkangofuna kuti achoke. Iwo anayang'ana chitumbuwa chija kwa nthawi yaitali, kenako anavula chipewa. Anati ntchito yotere boma liyenera kukhala nayo yamphumphu, osati tsamba limodzi lonunkha nsomba. Mipukutu yonse ndinali nditaimasula kale tiwaya, ndipo tcheyamani masiku amenewo sankakanizidwa. Ndinapita kusutikesi n'kuwapatsa nkhani yaikulu pa zitatu zija, ya chithunziyo, imene ndinasungira mwini wake.

Loweruka pamsonkhano analengeza kuti mwana wa m'dera lino wamanga chikuku. Lolemba lake pamphasa yanga panali mzere. Anthu sankafunanso matemba, ankafuna pepala la adokotala loti akamate pakhoma pamene pamagona ana. Ena ankachokera ku Likangala wapansi. Ine, poopa mlandu kumwamba, ndinkawauza kuti pepalalo siligwira ntchito ngati mwana sanabayitse katemera. (Pa nkhani yonseyi, bodza lokhalo ndi limene sindichita nalo manyazi.) Ankapita kukabayitsa, n'kubweranso kudzafuna pepala, makamaka la chithunzi. Mipukutu iwiri yotsala musutikesi ija mkazi wanga anapatsa achemwali ake a kwa Kuntumanji, ati ineyo ndikuumira chithandizo cha ana. Katoni itatha ndinathiramo mbewu ya mpunga kuti izilemerabe, n'kuibwezera kudenga.

Rafayelo anafika Lachiwiri, mayeso a mpando uja ali Lolemba lotsatira. Anandipatsa malaya amene anandigulira kunja, ine n'kuwalandira ndi manja awiri ngati munthu wosalakwa. Kenako anatsitsa katoni, anaitsegula, n'kupisa dzanja mumpunga mpaka m'chigongono. Sanakalipe. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso, n'kusuzumiramo kachiwiri.

"Achimwene, mapepala anga ali kuti?"

"Ali kwa anthu."

"Anthu ati?"

"Owerenga. Suja unati amakuyezani ndi kuchuluka kwa owerenga?"

Anakhala pansi, padothi penipeni, ndi thalauzi lake la kunja. Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndapha munthu.

Masiku anayi tinayenda panjinga khomo ndi khomo. Tinayamba kwa a tcheyamani, koma iwo nkhani ija anali ataiika m'galasi n'kuipachika pa msomali umodzi ndi chithunzi cha mtsogoleri. Ndani akanatambasula dzanja kukhoma limenelo? Tinangoyamikira mmene yakongolera n'kutsanzika. Kwina tinapeza masamba akuda ndi utsi, ena omatidwa ndi phala moti pomatula ankachoka ndi dothi la khoma, lina mbuzi itadya theka. Achemwali a mkazi wanga anali atagawa awo mudzi wonse. Komabe pofika Loweruka tinali titalumikiza nkhani ziwiri zamphumphu, zamafutamafuta koma zowerengeka. Pa nkhani yaikulu ija pankasowa tsamba lachinayi, la chithunzi, poti limenelo kulikonse linali litapsa ndi utsi kapena kufufutika ndi zala.

Che Amidu anatilondolera kwa mayi wina wa kufupi ndi minda ya mpunga ku Likangala, Abiti Saidi. Titalowa m'nyumba mwawo tinaliona. Linali loyera ngati latsopano, atalikuta ndi pepala lapulasitiki la shuga, lili pamwamba pa kamphasa pamene panagona kamwana. Rafayelo anapumira m'mwamba n'kutambasula dzanja.

"Musakhudze!" anakuwa mayiwo. "Limenelo ndi pepala la adokotala."

"Mayi, dokotalayo ndine. Ndinalemba ndine zimenezi."

Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Fumbi linali litamufika m'nsidze, thalauzi atalipisira m'masokosi, kunsapato kuli matope a m'dambo. Dzina lake linali patsamba loyamba lokha, ndipo tsamba loyamba limene tinali nalo, pamalo pa dzinapo panali chidindo cha mafuta a temba.

"Inu?" anatero Abiti Saidi. "Adokotala amene anamanga chikuku angayende panjinga yopanda mabuleki? Musandiseweretse, bambo. Ine chikuku chinanditengera ana awiri. Uyu ndinakamubayitsa monga ananenera ogulitsa matembawa, ndipo ali moyo. Pepala limenelo lichoka pakhomapo ine nditafa."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule zonse, koma Rafayelo anandigwira mkono. Anayang'ana kamwana kaja, anayang'ana tsamba lake, kenako anawerama n'kupepesa mayiwo chifukwa chowasokoneza. Tinatuluka.

Tinakankha njinga mtunda wautali. Ine misozi inali m'maso, ndikunena zoona. Tili pafupi kufika anati, "Achimwene, dziko lonse lapansi, madokotala amene analemba kalata kundipempha nkhani imene ija ndi anayi. Koma munthu woikaniza mwini wake ndamuona lero."

Lolemba anapita ku mayeso ndi zimene tinatola. Akuti atangotsegula envulopu, mkulu wina ananyamuka kukatsegula mawindo. Anamuuza mwaulemu kuti nkhani yopanda tsamba lachinayi si nkhani, abwerenso chaka chamawa mapepala ena akadzafika pa sitima ya pamadzi. Chaka chonsecho sanandilembere kalata ngakhale imodzi, ndipo malaya aja sindinawavale mpaka atakhala pampandopo.

Ndinaphunzira kuti katoni ya munthu wophunzira siitsegulidwa, ngakhale chiswe chikuimba nyimbo m'katimo. Koma ndisaname, mpaka lero ndikagwira pepala losalala, zala zanga zimayamba zokha kuyeza kukhuthala kwake. Rafayelo amazidziwa zimenezi. Anandikhululukira kalekale, timadyera mbale imodzi, koma akabwera kwathu chikwama chake amapita nacho ndi kuchimbudzi komwe.